Malo Amene Udzu Unakana Kumera

Munthu amene anandilakwira kwambiri pa moyo wanga wonse wa ntchito ndi a Sandalamu, manijala wa pa famu ya mpunga pamene ndinayambira ntchito ku Domasi. Sanandimenye ayi, kunditukwana sananditukwane. Anatenga bodza lawo n'kuliika m'kamwa mwanga kuti ndikawauze apongozi anga, agogo anu Abiti Saizi, ndipo zinthu zitavuta anatembenuka n'kunena kuti wolakwa ndine. Chifukwa cha iwo, mpunga wa Kandevu umene mumangoumva m'nkhani za amayi anu simunaulaweko, ndipo panatsala pang'ono kuti iwe Linesi, mwana wanga woyamba, ubadwe bambo ako atathamangitsidwa pamudzi. Ndagwira ntchito malo ena mpaka kufika popuma pano, ndaona mabwana aukali ndi oledzera omwe, koma palibe amene anandidzidzimutsa ngati bambo ameneyu. Ndiye ana anga, ndiyambire pa iye.

1991

Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Mphunzitsi wina anandikwapula pa mlandu wa mnzanga, ine n'kumulanda ndodo n'kuithyola pabondo, basi sukulu n'kuthera pomwepo. Kwathu ku Malosa aliyense ankadziwa kuti Fanuwelo ndi wa mtima wapachala, moti nditamva kuti pa famu ina ku Domasi akulemba anthu, amayi anga anangoti, "Upite, koma manja ako uziwasiya m'thumba."

Famuyo inali ya kampani ina ya ku Blantyre imene inabwereka malo kwa anthu a m'mudzi kumtunda kwa dambo, kuti izichulukitsa mbewu ya mpunga wamakono. A Sandalamu anali munthu wamfupi, waukhondo, wolankhula motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi. Tsiku lolemba anthu anayenda pamzere wathu, nafika pa ine, n'kundigwira pamsana. "Msana uwu ndi wa pampu," anatero. Ndiye ntchito yanga inakhala yopopera mankhwala opha udzu. Pampu yake inali yobereka kumsana ngati mwana, dzanja lamanzere likupopa, lamanja likuyendetsa ndodo yake. Zosowa zinali zambiri. Zovala m'manja kunalibe, chotseka pamphuno ndinkagwiritsa nsanza ya chitenje, jombo zinali peyala imodzi anthu atatu. Ankatilonjeza mkaka woti tizimwa tikamaliza kupopera, koma mkakawo unkangothera m'malonjezo. Komabe a Sandalamu ankandikonda. Jombo zikabwera ankayamba kupatsa ine. Nditamenyana ndi mlonda, anandiikira kumbuyo kuti asandichotse. Ankanditchula kuti "mnyamata wanga", ndipo ine amene bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, mawu amenewo ankandilowa mpaka m'mafupa. Akanena kuti mawa kugwa mvula, ine ndinkaanula zovala.

Mankhwala amene tinkathira mu mpunga anali amadzi, onunkha ngati palafini. A Sandalamu anandiphunzitsa kuti, "Awa akapha udzu, pakatha sabata ziwiri amakhala atafa okha m'matopemo." Ndipo zinali zoona, ndinkaona ndi maso anga. Tikakolola mpunga, antchito ankadzala nyemba m'mapuloti omwewo n'kumera bwinobwino.

1992

Chaka cha chilala chachikulu chija ndi chimene ndinakwatira amayi anu, Esinati. Mudzi wawo unali kumunsi kwenikweni kwa famu, mpanda wa waya ndiwo unkatilekanitsa. Ndinalowa chikamwini, ndinamanga kanyumba kanga kuseri kwa nthochi za apongozi. Inu ana a lero simungamvetse mmene tinkakhalira ndi apongozi aakazi. Sitinkalankhulana. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire n'kugwada atayang'ana kumbali, ine n'kuvula chipewa n'kudutsa mofulumira. Akafuna khasu langa ankatuma Esinati, ine ndikafuna kuthokoza ndiwo ndinkauza Esinati. Sikunali kudana, unali ulemu. Mawu awo ndinkangowamva kuseri kwa mpanda akamakalipira nkhuku.

Abiti Saizi anali ndi mpunga wawo umene ankautchula kuti Kandevu, chifukwa ngala zake zinali ndi tindevu tofiira timene mbalame zinkatiopa. Akauphika, fungo linkafika mpaka kumsewu. Mbewu imeneyi anailandira kwa amayi awo, ndipo mwambo wa pabanjapo unali woti mwana wamkazi akabereka mwana woyamba, amamupatsa lichero la Kandevu kuti akayambe munda wake. Chilala chitafika, achibale ena onse amene anali nawo anasinja mbewu yawo n'kudya. Ndani akanawadzudzula? Koma apongozi anga anamata mtsuko wawo ndi dothi n'kuukankhira pansi pa bedi. Tinkadya nthochi zosapsa zophika, ana a pamudzi akulira, iwo mtsuko osautsegula. Mchimwene wawo, Che Dayitoni, amene anali mwini mbumba, anawachonderera mpaka kutopa. Yankho lawo, monga anandiuzira Esinati, linali lakuti, "Njala itha, achimwene. Uwu ukatha, watha." Ndiye mvula itabwerera, m'chigwa chonsecho Kandevu anatsala pa khomo limodzi lokha, lathu.

1993

Vuto lalikulu pa famu linali udzu ndi bango m'ngalande. Madzi sankayenda, ndipo kulambula kunkafuna anthu ambiri. M'chilimwe cha chaka chimenechi galimoto ya kampani inabweretsa matumba a mankhwala ena, a ufa woyera ngati wa chinangwa, opanda fungo. A Sandalamu anati amenewa si a mu mpunga, ndi a m'ngalande ndi m'mbali mwa mpanda. Ndinawasungunula m'madzi n'kupopera ngalande yaikulu imene inkatsika motsatira waya, mbali ya mudzi wathu. Nthaka ya mbali imeneyo ndi ya mchenga pansi pake, ukathira ndowa ya madzi imangoti myuu, kulowa.

Ndinadabwa ndi mphamvu yake. Bango limene tinkalimbana nalo ndi zikwanje linachita chikasu, kenako kuyera, kenako kugwa. Mvula inagwa, n'kutha, m'ngalandemo osamera kanthu. Ine ndinkanyada nazo. Madzulo ndikakhala ndi anyamata anzanga pa golosale ndinkadzitama kuti, "Aise, ine ndikadutsa ndi pampu, ngakhale nansongole amapempha chikhululukiro." Mudzi wonse unandimva ndikulankhula choncho. Chilimwe chotsatira anandiuza kuti ndibwerezenso, ndinabwereza.

1994

Kumunsi kwa waya, m'munda wa apongozi, munali kamalo kamene kankakhala ndi chinyontho chaka chonse, madzi ake ochokera pansi, otsika kuchokera kumtunda kumene kunali famu. Kale ponsepo panali udzu wokhaokha wofika m'chiuno, moti ankangomangirirapo mbuzi. Chilimwe chimenechi udzu uja unatha. Panatsala dothi lakuda, lonyowa, losalala ngati pozira. Munthu amene sanapalirepo nazale ya mpunga sangadziwe mmene maso a amayi a m'mudzi anawalira ataona malo amenewo. Udzu wa mu nazale umafanana ndi mpunga weniweniwo, umazula uli chowerama mpaka msana kuuma. Ndiye apa pali malo onyowa, opanda ngakhale kaudzu kamodzi, mvula isanagwe n'komwe. Amayi ena ankadutsa n'kumati, "Abiti Saizi, koma Mulungu amakukondani, wakulimirani yekha." Palibe amene anafunsa kuti udzuwo wathawa chiyani. Inenso sindinafunse. Apongozi anapagaula mu Okutobala, n'kuwazapo mankhusu a Kandevu owotcha mosapsereza monga ankachitira chaka chilichonse pokonza nazale.

Masiku omwewo a Sandalamu anandipatsa kantchito kena. Kuseri kwa sitolo yosungiramo mankhwala anandanditsa zitini za mafuta ophikira zodzaza dothi, m'chitini chilichonse atadzalamo nyemba. "Mnyamata wanga, uzithirira izi m'mawa uliwonse. Madzi a pa mjigo, osati a m'ngalande." Ndinafunsa kuti bwana, mwayamba dimba la m'zitini? Anaseka n'kunena kuti akuyesa mbewu. Nyemba zinamera zonse. Patapita masiku, za m'chitini chimodzi zokha ndi zimene zinapitirira kukula, zinazo zinayamba chikasu m'mphepete mwa masamba, n'kuyera, n'kuuma. Ndinakaitana a Sandalamu. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana chitini chakumapeto kwa mzere, manja ali m'chiuno. "Mbewu yoipa," anatero. "Kataye zonsezi kudzenje, ndi zitini zomwe." Koma chitini masiku amenewo chinali katundu. Ndinaziunjika kuseri kwa chimbudzi cha antchito ndi dothi lake lomwe, kuti tsiku lina ndidzazitenge ndikapangire zotungira madzi, kenako n'kuziiwala.

Chakumapeto kwa Novembala apongozi anafesa Kandevu pamalo paja. Anamera mokongola, wobiriwira ngati kapeti. Atangotulutsa tsamba lachitatu, nsonga zinayamba kuyera. Sabata isanathe nazale yonse inagona. Anthu anati ndi dzuwa, chifukwa mvula inali itachedwa ndipo kunkatentha koopsa. Ena anati pali munthu wanjiru wapondapo.

Tsiku lina m'mawa ndikutuluka kupita kuntchito, ndinapeza apongozi atagwada pafupi ndi khomo langa. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndiitane Esinati, koma anakweza dzanja. Nkhope anayang'ana kumbali, koma mawu analankhula kwa ine, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Bambo, pepani ndakulakwirani ulemu. Koma ichi sindingatume mwana. Ndatsala ndi mbewu ya pansi pa mtsuko yokha. Malo onyowa ndi omwe aja, kwina konse n'kouma, ndipo ndikadikira mvula ndichedwa kuwokera. Inu ndi amene mumagwira mankhwala kumtundaku. Kodi mankhwala anuwo safika kwathu kuno?"

Ndinagwada nanenso n'kunena kuti, "Amayi, ndikafunse kwa bwana, ndibwera ndi yankho lero lomwe."

A Sandalamu sanangondiyankha mu ofesi. Anavala chipewa n'kutsika nane mpaka pa waya, anayang'ana nazale yakufayo ali tsidya la famu. Ndinawafunsa mosazungulira ngati ufa uja ungayende pansi pa nthaka.

"Mnyamata wanga, mankhwala ali ndi miyendo?"

"Ayi bwana."

"Ndinakuuza kuti amatha pakapita nthawi yanji?"

"Sabata ziwiri, bwana. Koma amenewo ndi amadzi aja."

"Onse ndi amodzi. Tinapopera liti m'ngalandemu? Ogasiti. Lero ndi Disembala. Ili ndi dzuwa basi. Kawauze amayiwo afese, aziphimba ndi udzu masana. Usawachedwetse, mvula ili pafupi."

Ndinathamanga ngati mwana wotumidwa. Ndinagwada kuseri kwa mpanda wa apongozi n'kulankhula mokweza kuti amve. "Amayi, fesani. Nthakayo ilibe kanthu. Ndikulumbira pa mimba ya mwana wanuyo." Pakuti nthawi imeneyo Esinati anali woyembekezera iwe Linesi, ndipo lichero la Kandevu limene akanalandira linali m'mbewu yomweyo. Ndinamva mtsuko ukukokedwa pansi pa bedi.

Kandevu anamera. Tsamba loyamba, lachiwiri. M'mawa uliwonse ndinkadzera pamenepo ndisanapite kuntchito. Tsiku limene ndinaona nsonga zoyera, ndinakhala pansi m'matope momwemo ndi ovolosi yanga. Sindinathe kulira, sindinathe kutukwana. Ndinkangoyang'ana.

1995

Che Dayitoni anakaitana mlangizi wa zaulimi wa dera lathu, a Bonongwe, bambo wachikulire woyenda pa njinga yakapalasa. Anazula mbande zingapo, anayang'ana mizu, anayang'ana malo opanda udzuwo, kenako anakweza maso kuyang'ana ngalande kuseri kwa waya. Anati si dzuwa, si matenda, si ufiti, ndi mankhwala opha udzu. Che Dayitoni anavala jekete n'kukwera ku famu. Ine ndinali kumapuloti akutali, sindinamve zimene anakambirana. Ndinazimva madzulo, pabwalo la apongozi, mbumba yonse itakhala pansi.

"Mkamwini," anatero Che Dayitoni, "abwana ako akuti mankhwala a pa famu sadutsa waya. Akuti ufa wina unasowa m'sitolo m'chilimwe, ndipo amene amasunga kiyi masana ndi iwe. Akuti unauthira wekha pamunda wa mlongo wangayu kuti udzioneke ngati dolo kwa apongozi. Akuti anakukhululukira chifukwa ndiwe mwana."

Ndinafunsa kawiri kuti, "Anena ndani? A Sandalamu?" Kenako mtima uja unakwera. Ndinaimirira, ndinakankha mpando, ndinakuwa kuti ndi bodza, ndinamenya chibakera pa mtengo wa mango mpaka khungu kusupuka. Ndipo kukuwa kwangako ndi kumene kunandimaliza. Mayi wina anati, "Si yemweyu ankati nansongole amamupempha chikhululukiro?" Anthu anang'ung'udza movomereza. Che Dayitoni anati, "Ife tinakulandira kuti utithandize kulima, osati kutiphera nthaka. Tenga mkeka wako ubwerere ku Malosa. Za banja tidzakamba ndi ankhoswe ako mwana akabadwa." Esinati ankalira m'nyumba. Apongozi anakhala chofulatira. Kufulatira kwawoko kunandipweteka kuposa mawu onse a mlongo wawo.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi ndili wokonzeka kuthyola munthu. A Sandalamu anatseka chitseko, anandipatsa mpando, anandithirira tiyi m'kapu yawo. Anati eni kampani akubwera kudzakambirana ndi mudzi zoonjezera zaka za malo, ndipo nkhani ya mankhwala ikamveka, famu itsekedwa, anthu onse aja ntchito iwathera. "Iwe ndiwe mnyamata, anthu amaiwala zolakwa za anyamata. Kampani ili ndi famu ina cha ku Liwonde. Ndikutumiza kumeneko ngati kapitawo, nyumba ya malata, jombo zakozako. Mkazi wako akadzaona malata adzakutsatira yekha. Ungokhala chete." Ndinawafunsa ngati ufa uja unafikadi kumunda kwathu. Anati, "Ndani angadziwe za pansi pa nthaka? Inenso ndadabwa ngati iwe."

Ndikuuzeni zoona ana anga, ndinatuluka ndisanakane. Ukapitawo kwa munthu wa Sitandade 6 sichinali chinthu chamasewera. Ndinaganizanso za anzanga a pa famu ndi ana awo. Ndipo ndinkati mwina bwanayo sanadziwedi, wangochita mantha. Kwa sabata zingapo ndinkagona ku Malosa n'kumayenda wapansi kupita kuntchito, mutu uli zunguli. Amayi anga ankati landira, Liwonde si kutali.

Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza a Bonongwe pamsewu wa ku Zomba, tcheni cha njinga chitaduka. Ndinawathandiza kukankha mpaka kwa wokonza njinga. Panjira ndinawafunsa kuti mankhwala angayende bwanji popanda miyendo. Sanandiseke. Anati mankhwala opha udzu sali amodzi. Ena amaola msanga m'matope, ena anapangidwa dala kuti akhale m'nthaka chaka ngakhale kupitirira, ndiye chifukwa chake amawathira m'misewu ndi m'mipanda, osati pafupi ndi minda. Mvula ikagwa amasungunuka n'kutsika ndi madzi, ndipo pa mchenga palibe chowagwira, amayenda pansi mpaka kukatulukira pamene madziwo akutulukira. "Malo onyowa amene udzu wakana kumera, mphwanga, ndi malo oti uthawe," anatero.

Ndinafunsa ngati pali njira yodziwira munthu asanafese.

"Yosavuta. Umatapa dothi la pamalopo, kuika m'chitini, kudzalamo nyemba. Nyemba sizibisa. Zikamera n'kuyera m'mphepete mwa masamba, ndiye kuti mankhwala akadalimo. Aliyense amene anaphunzira zaulimi amaidziwa imeneyo."

Ndinaima pakati pa msewu. Minibasi inaliza hutala, kondakitala n'kunditukwana, ine osasuntha. A Bonongwe anandikoka pa mkono. "Iwe, wadwala?" Ndinkaona zitini zija pamzere, ndinkaona manja anga akuzithirira m'mawa uliwonse, ndinkaona a Sandalamu ataima manja m'chiuno pa chitini chakumapeto, mwezi wathunthu apongozi asanafese ngakhale mbewu yoyamba. Munthu uja anadziwa. Anatsika nane mpaka pa waya akudziwa. Anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa ngati mankhwala ali ndi miyendo, akudziwa.

Za ku Liwonde zinathera pamsewu pomwepo. Ndinapempha a Bonongwe kuti m'mawa mwake adzafike pa famu. Kenako ndinachita chinthu chimene mkamwini wothamangitsidwa sachita: ndinalowa m'mudzi wa akazi anga, ndinagwada pakhomo pa Che Dayitoni. Anatuluka ndi mkwiyo. Ndinati, "Malume, sindinabwere kudzakangana. Mawa mubwere ku famu ndi amayi. Mukapanda kuona kanthu, simudzandionanso kuno." Anandiyang'ana, n'kuvomera. Ndikuganiza kuti chimene chinawadabwitsa n'chakuti ndinalankhula motsitsa mawu.

Zitini zinali pomwe ndinazisiya, kuseri kwa chimbudzi, zitachita dzimbiri, timitengo ta nyemba zouma tikadali chiimire. M'chitini chimodzi chokha munali mutamera udzu ndi mvula, zinazo zinali mbee. Ndinazinyamula n'kukazindanditsa pakhonde la ofesi, antchito anzanga akuyang'ana. Che Dayitoni anafika atatsogola, apongozi pambuyo, a Bonongwe ndi njinga yawo. A Sandalamu atatuluka n'kuona zitinizo, nkhope yawo inagwa, koma mawu anali omwe aja a m'tchalitchi. Anati zimenezo ndi zoyesera mbewu, dothi lake ndi la m'mapuloti a pa famu, palibe chokhudza mudzi.

Apongozi anagwada pakhondepo n'kuyamba kukhuthula zitini chimodzichimodzi, akufikisa dothi m'manja ngati akusankha mpunga. Loyamba lofiira, analisiya. Lachiwiri lamchenga, analisiya. Atafika pa lakuda anachedwa. Anatola kanthu kakang'ono, anakapukuta pa chitenje, n'kukaika pa chikhato cha mlongo wawo. Kenako kena, kenanso. Anali mankhusu owauka mbali imodzi, tindevu tofiira tikadali pomwepo.

"Achimwene," anatero, "pa famu pano amalima Kandevu?"

A Bonongwe anafunsa a Sandalamu kuti dothi limeneli analitapa liti, ndipo nyemba zitafa anauza ndani. A Sandalamu anavula chipewa, anachivalanso. Anayamba kunena zoti iwo ankaganiza kuti mpunga ndi wolimba kuposa nyemba, zoti pamalo paja mankhwala anali ochepa, zoti anali ndi anthu ambiri owaganizira. Che Dayitoni anawadula. "Ndiye ufa unasowa m'sitolo uja?" A Sandalamu anangoyang'ana pansi.

Che Dayitoni anatembenukira kwa ine, maso ali ofiira. "Mkamwini, mkeka wako uli kuti?" Ndinati uli ku Malosa. "Ukautenge lero. Mkazi wako watsala pang'ono, nkhuni palibe pakhomo paja." Kupepesa kwa mwini mbumba kumathera pamenepo, ndipo kwa ine kunakwana. Apongozi anamanga timankhusu tija pa ngodya ya chitenje, anayang'ana kumbali monga mwa ulemu wathu, n'kunena motsitsa kuti, "Bambo, dzanja lija lapola?" Amenewo ndi mawu achiwiri ndi omaliza amene anandilankhula mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Famu ija inadzatsekedwa ndithu, ndipo anzanga ena sanandipatsenso moni mpaka lero. Pamalo paja udzu unabwerera patapita mvula zingapo. Kandevu sanabwerere. Ndinamufunafuna mpaka kutsidya kwa chigwa, kulikonse ankati tinadya chaka cha njala. Iwe Linesi utabadwa, amayi ako analandira lichero lopanda kanthu, agogo ako atakana kuthiramo mpunga wina.

Koma ndibwerere pakhonde paja, chifukwa sindinamalize. Anthu atayamba kubalalika, a Sandalamu analowa m'sitolo n'kutuluka akukoka thumba la mbewu ya kampani. Analiika patsogolo pa apongozi. Kenako anandigwira paphewa, pamaso pa anthu onse, n'kunena kuti, "Mnyamata wanga, tanyamulira amayiwa, tithetse nkhaniyi."

Antchito anzanga anasuntha m'mbuyo, chifukwa ankandidziwa. Mlonda uja ndinamenyana naye anafika kumbuyo kwanga kuti andigwire. Manja anga ndinawalowetsa m'thumba monga ananenera amayi anga. Ndinachotsa phewa langa pansi pa dzanja lawo, ndinalowa m'sitolo, ndinatenga pampu ija ndinaibereka zaka zonsezo, n'kuiika pa mapazi awo pamodzi ndi jombo.

"Ine si mnyamata wanu, a Sandalamu. Thumba lanulo nyamulani nokha, amayiwa sadya zimenezo. Nthaka mwaiwonongayo mvula idzaitsuka, sindikudandaula nayo. Koma mayi awa anasunga mbewu yawo ana akulira ndi njala. Anagwada pakhomo panga, anaswa ulemu wawo kuti andifunse funso limodzi lokha, ine n'kuwayankha ndi pakamwa panu, n'kulumbirira pa mwana wanga wosabadwa. Munandithiriritsa nyemba zija ndi manja angawa, mukudziwa. Mukanangonena mawu awiri, kuti asafese, basi. Pampu yanu iyo. Yafika nthawi muibereke nokha, mumve kulemera kwake."